Tenti ya Mzati Umodzi ndi Ana Amene Sanawerengedwe

MPINGO WA KU MALAINI A KUMTUNDA, THYOLO
KOMITI YOKONZA ULENDO WA KU MSONKHANO WA MISASA
Zolembedwa za msonkhano wachitatu

Tsiku: Lamulungu, pa 22 Julayi, 1934
Malo: Pakhonde pa nyumba ya Wapampando, kuseri kwa nazale ya tiyi
Nthawi yoyambira: 2 koloko masana

Opezeka
A Jonas Namakhwa, mlonda wa ku fakitale, Wapampando
A Goodson Muhiwa, kapitawo wa odulira tiyi
A Dickson Makwinja, mphunzitsi wa kalasi ya ubatizo
Mayi Teleza Namakhwa, akazi a Wapampando, oimira amayi aakulu
Mayi Eneless Mulepa, oimira amayi oyamwitsa
Bizwick Mulepa, kalaliki wa pa sikelo, Mlembi

Osapezeka
A Peterson Nahawa. Anatumiza mawu akuti dzino likuwawawa. Mlembi anawaona m'mawa akudya nzimbe, koma walemba mawu monga anatumizidwira.

1. KUTSEGULA

Wapampando anapempha a Makwinja kuti atsegule ndi pemphero. A Makwinja anapemphera, ndipo sanaiwale odwala mano. Wapampando analandira onse, nanena kuti tenti aimikanso pabwalo kuyambira m'mawa kuti aliyense wolankhula za tentiyo azilankhula akuiona. Ana analoledwa kusewera pabwalo pomwepo chifukwa panalibe wowasiyira.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zimene komiti inagwirizana pa 8 Julayi. Choyamba, kuti mabanja asanu a mumpingo muno apite ku msonkhano wa misasa ku Mishoni, kupitirira kwa Khwethemule, kuyambira Lachinayi pa 23 Ogasiti kufikira Lamulungu, tsiku la ubatizo, popeza ku ofesi ya esiteti atilola masikuwo chifukwa ino ndi nyengo yodulira ndipo tiyi wothyola ndi wochepa. Chachiwiri, kuti m'malo momweta udzu ndi kumanga misasa monga zaka zonse, chaka chino mabanjawa akagone mu tenti imene Wapampando anapatsidwa ndi bwana wa ku fakitale uja anabwerera kwawo mwezi wa Meyi. Chachitatu, kuti popeza palibe mayi kapena mwana wa kuno amene anagonapo m'nyumba ya nsalu, tentiyo iyesedwe kaye pano pakhomo, ndipo Kapitawo ayeze malo a munthu aliyense.

Wapampando anati pali cholakwika chimodzi. Mlembi analemba kuti "tenti yakale", ndipo iwo sakumbukira kuti munthu wina ananena mawu amenewo. Mayi Teleza anati ananena ndi iwo, ndipo atha kunenanso, pakuti zigamba zisanu ndi ziwiri zili pa tentipo anasoka okha ndi zala zawo. Komiti inagwirizana kuti palembedwe "tenti yodziwa ntchito". Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. LIPOTI LA KUYESA TENTI

Kapitawo anapereka lipoti la zimene zinachitika Lamulungu lapitali masana. Anati tentiyi ndi yozungulira, ya mzati umodzi pakati, ndipo Wapampando anawalangiza kuti asilikali ankagonamo miyendo kumzati, mitu kunsalu. Iwo anatenga chingwe chija timabzalira tiyi, chokhala ndi mfundo pa mapazi anayi aliwonse, nachizunguza mkati, ndi kulemba ndi khala pa mfundo iliyonse. Anapeza malo khumi ndi amodzi. Malo amodzi ndi a khomo, khumi ndi a anthu: abambo asanu ndi amayi asanu. Anati pa zaka khumi ndi ziwiri za ukapitawo wawo sanaonepo mzere wokwanira bwino chotere.

Mayi Teleza anafunsa kuti ana ali pa mfundo iti.

Kapitawo anati ana sanawawerenge, ndipo sakuona kuti analakwa. Anati m'buku lawo la m'mawa amalemba anthu okhawo a tikiti ya ntchito. Mayi akabwera ku munda ndi mwana kumsana, amalembedwa munthu mmodzi, ndipo pa sikelo amayeza dengu, sayeza mwana. Anapempha Mlembi kuti achitire umboni. Mlembi anavomera kuti pa sikelo ndi momwemo. Kapitawo anawonjeza kuti maganizo awo anali akuti akuluakulu akagona, ana angowapakiza m'mipata monga timachitira ndi mbande pamene tiyi wafa.

Mayi Teleza anati mbande ukaiika pansi imakhala pomwepo. Kenaka anawerenga ana a mabanja asanuwa ndi mayina awo, napeza ana asanu ndi anayi, ndipo asanu ndi mmodzi mwa iwo sanakwane zaka zitatu.

Wapampando anapempha kuti lipoti lipitirire. Kapitawo anati akuluakulu atagona, zonse zinali bwino. Ana atalowetsedwa, wakhanda mmodzi anaona denga likugwedezeka ndipo anayamba kulira, ndiye anzake onse anamuthandiza. Mwana wina anakwera pamimba pa a Nahawa. Wina ananyowetsa mphasa ya a Makwinja, ndipo a Makwinja anapempha kuti zilembedwe kuti iwo anakhululuka tsiku lomwelo. Mu phokosomo panalibe amene anaona kuti mwana mmodzi wakwawa pansi pa nsalu ndi kutuluka kunja. Mwanayo anazula zikhomo zonse za mbali ya kummawa, naziika m'kadengu. Mphepo ya chiperoni itabwera, inapeza zingwe zili lende, ndipo tenti inagwera anthu. Palibe anavulala. Chipewa cha a Makwinja chinaphwanyika.

Mlembi anati dzina la mwanayo silikufunika m'zolembedwa, pakuti komiti ikukamba za tenti. Kapitawo anati likufunika kwambiri. Komiti inagwirizana ndi Kapitawo. Choncho kwalembedwa pano kuti mwanayo ndi Winston Mulepa, wa zaka ziwiri ndi theka, mwana wa Mlembi ndi Mayi Eneless. Kwalembedwanso, pokakamizidwa ndi Kapitawo, kuti anthu atatuluka pansi pa nsalu, mwanayo anabwera ndi kadenguko kwa bambo ake kuti ayeze zikhomozo pa sikelo. Komiti inaseka nthawi yaitali. Mlembi anadikira.

Mayi Eneless anafunsa chifukwa chake Wapampando okha sanagweredwe ndi tenti. Wapampando anati iwo anali kunja, kuyang'ana zingwe za kumadzulo. Anati malo awo alipo, anawalemba okha ndi mtanda wa khala moyang'anana ndi khomo, koma sanafune kugonapo poyesa. Adzagonapo usiku woyamba ku misasa, osati tsiku lina lililonse.

4. ZA ANA AANG'ONO

Kapitawo anapereka ganizo lakuti ana onse osakwana zaka zitatu atsale kumalaini. Anati sakuda mwana wa munthu, pakuti awiri mwa anawo ndi awo omwe, koma tenti ikadzagwa pamaso pa mipingo yonse, anthu a mumpingo wa kwa Nchilamwela adzatiseka mpaka chaka chamawa, ndipo akudziwa kale munthu amene adzayambitse. Anati ana atatu okulirapo akhoza kukwana m'mipata, ndipo mzere wa mfundo khumi ukhale monga uli. Atafunsidwa kuti anawo atsala ndi yani, anati mwana amatsala ndi make.

A Makwinja anati asanavote komiti idziwe chinthu chimodzi. Mayi Eneless ali m'kalasi ya ubatizo chaka chachitatu, ndipo ubatizo umachitika kamodzi pa chaka, ku misasa kokha, pamene abusa abwera. Chaka cha dzana, 1932, sanapite chifukwa Winston anali wakhanda wa chifuwa, ndipo m'misasa ya udzu mumalowa mphepo. Chaka chatha anagwidwa malungo ali ndi pakati. Lamulo la ku Mishoni ndi lakuti munthu akalephera kubwera katatu, dzina lake limabwezedwa ku kalasi yoyamba. Anati m'kalasi mwawo palibe wodziwa mayankho ngati mayiwa, ndipo iwo safuna kuwaona akukhalanso pa benchi ndi anthu ongoyamba kumene.

Mlembi anakweza dzanja. Wapampando anati Mlembi anasankhidwa kuti azilemba, ndipo nkhani ikakhala ya m'nyumba mwake azilemba kwambiri. Mlembi anatsitsa dzanja.

Mayi Eneless anapatsidwa mwayi. Anati mwana wawo wamng'ono, Anesi, ali ndi miyezi isanu ndi iwiri ndipo sadya china koma bere, choncho kumene iwo apita ndi kumene mwanayo apita. Anati amayi awo ndi abale awo onse anatsala ku dziko la Apwitikizi, kuno alibe agogo owasiyira ana. Anavomera kuti Winston ndi wa manja oyabwa, nati anatengera kuchimuna. Mawu otsatirawa anapempha kuti alembedwe monga anawanenera:

"Abambo, tenti itabwera ndinasangalala kuposa nonsenu. Ndinati chaka chino mphepo siinditsekeranso njira. Lero mukuti tenti yomweyo ndiyo indisiye pakhomo. Mukatero sinditsutsa, koma zindipweteka, ndipo ndanena pamaso panu kuti musadzamve kumtsinje."

Kapitawo anati chisoni ali nacho, koma chingwe sichinama. Malo ndi khumi.

Mayi Teleza anati anthu aamuna akafuna chinthu amaiwala kuti walira mvula walira matope. Anati abambo anafuna kutenga mabanja, ndipo banja limabwera ndi mamina ake. Anapempha Kapitawo kuti atembenuke ayang'ane nazale ili kuseri kwa nyumba, ndipo anene chimene chili pansi pa denga la udzu lija. Kapitawo anati ndi mbande. Anafunsanso kuti tiyi wamkulu ali kuti. Kapitawo anati ali pamtetete, monga aliyense akudziwa. Mayi Teleza anati ndiye ngati Kapitawo akufuna kuyendetsa tenti ngati munda wa tiyi, ayendetse mpaka kumapeto. Ganizo lawo linali lakuti tenti ikhale ya amayi asanu ndi ana asanu ndi anayi, ndipo abambo amwete udzu amange msasa pambali monga anachitira zaka zonse osafa.

Kapitawo anawerenga ndi zala, navomera kuti akachoka abambo, ana akwana onse ndipo patsala malo a mtsuko. Koma anati ganizoli silingatheke, chifukwa mwamuna sangagone pakati pa akazi a eni ake, ndiye kuti mwini tenti nayenso agona kunja. Anati iwo sangavote kuti munthu atulutsidwe m'nyumba yake. A Makwinja anati nawonso zikuwavuta.

Kenaka Wapampando analankhula. Anati ena akudziwa kuti pa nkhondo ya Jeremani iwo anali mtengatenga, koma sananenepo chimene ankanyamula. Ankanyamula tenti yonga iyi, nsalu pamutu, zikhomo m'thumba kumsana, zaka zitatu. Madzulo aliwonse ankaiimika, kukumba ngalande moizungulira, kusesa mkati, kuyala bedi la bwana, ndi kutuluka. Iwo ankagona panja, pansi pa zingwe, kuti chikhomo chikazuka amve. Mvula ikagwa ankamva ikulira pa nsalu, iwo ili kuwagwera pamsana, ndipo ankadzifunsa kuti kodi mkatimo imamveka bwanji. Anzawo ambiri anatsala m'njira osadziwa yankho lake. Anati m'zaka zitatuzo sanagonemo ngakhale kamodzi, ndipo tsiku limene anapatsidwa tentiyi anauza akazi awo kuti Mulungu sachedwa, amangoyenda ulendo wa mtengatenga.

Mayi Teleza anati zonsezi akuzidziwa, ndipo ndi chifukwa chake ganizo lawo anakhala nalo sabata yathunthu osalitulutsa. Anati ngati abambo akana, iwo abweza mawu awo.

Wapampando anayang'ana tenti, nafunsa a Makwinja ngati nzoona kuti dzina limabwezedwa ku kalasi yoyamba. A Makwinja anati nzoona. Wapampando anafunsa Mayi Eneless ngati mayankho onse akuwadziwadi. Mayi Eneless anati afunsidwe pomwepo. Wapampando anati sikofunika, ndipo anauza Mlembi kuti alembe izi:

"Mwanangayu apite akabatizidwe. Tenti ikhale ya amayi ndi ana. Za ine musadandaule. Kugona kunja kwa tenti ndi ntchito imene ndimaidziwa kuposa nonsenu."

Ganizo la Mayi Teleza linavoteredwa ndipo linadutsa. Kapitawo anakweza dzanja pomaliza, nati akukweza chifukwa cha Wapampando, osati chifukwa chakuti chingwe chawo chinalakwa. Mayi Eneless anagwada nawomba m'manja. Mlembi akulemba poyera kuti mtima wake unakhala pansi, ndipo ngati mizere ya pano yapindika, chifukwa chake ndi chimenecho.

5. MALAMULO A MU TENTI

Wapampando anati popeza sakhalamo, alamula ali kunja. Komiti inamva malangizo awo ndi a amayi, ndipo inagwirizana izi.

Tenti iimikidwe dzuwa lisanapendeke, pamalo okwera pang'ono, khomo lifulatire kumene kumachokera chiperoni. Wapampando akumba okha ngalande. Anakana thandizo la Kapitawo, nati ngalande ya tenti si ya m'munda.

Zikhomo zikhomedwe mpaka mutu, ndipo pa chikhomo chilichonse paikidwe mwala woti mwana wa zaka ziwiri ndi theka sanganyamule. Mlembi anapatsidwa ntchito yosenza miyalayo. Anafunsa ngati ntchitoyi ingagawidwe, ndipo anauzidwa kuti ayi.

M'munsi mwa nsalu mupanikizidwe ndi mitolo ya zovala kuti pasakhale pokwawira. Mayi Teleza agone pakhomo.

Makanda agone chapakati, kufupi ndi mzati, chifukwa nsalu imagwira mame ndipo mwana akaikhudza ndi mutu amanyowa. Apa Kapitawo anati ndiye kuti mzere wonse wa miyendo kumzati watha. Anauzidwa kuti watha.

Moto ndi mbaula zisalowe mu tenti ngakhale kuzizire bwanji. Kuphika kuchitikire kutali ndi zingwe. Nyali ipachikidwe pamwamba pa mzati, ndipo wozimitsa ndi Mayi Teleza okha.

Phulusa lithiridwe mozungulira tenti madzulo aliwonse chifukwa cha linthumbu, ndipo mwana asadyere mbatata kapena phala pa mphasa yogonera.

Mayi aliyense atenge mphasa ziwiri pa mwana wosakwana zaka zitatu, ina izikhala padzuwa. A Makwinja anathandizira ganizoli ndi mphamvu.

Mayi Eneless anawonjeza kuti ana analira chifukwa nyumbayo inali yachilendo, choncho Lamulungu lililonse mpaka tsiku la ulendo tenti iziimikidwa masana, ana azilowamo, kusewera ndi kugona tulo tawo ta masana kuti aizolowere. Wapampando anati asilikali sankazolowezedwa. Mayi Eneless anati asilikali sankayamwa. Ganizoli linadutsa.

6. MAYENDEDWE

A Makwinja anati a Swaibu a kumsika avomera kunyamula tenti, mphasa ndi miphika pa ngolo yawo Lachinayi m'mawa, chifukwa Lachisanu amakhala ku mzikiti. Ana aang'ono akwere pa mphasapo. Wapampando anati mzati wokha anyamula okha paphewa, chifukwa pa ngolo ungathyoke. Mayi Teleza anati asiyidwe, mtima wawo ndi umenewo. Komiti inagwirizananso kuti a Nahawa, popeza sanabwere kudzakana, atsogolere abambo pomweta udzu wa msasa.

7. ZINA NDI ZINA

Kapitawo anapempha kuti chingwe chawo chibwezedwe lisanafike Lolemba, chifukwa ndi cha esiteti. Chinapezeka m'kadengu ka mwana wotchulidwa pa nambala 3, ndipo chinabwezedwa.

Mayi Eneless anati ali ndi ganizo lomaliza. Anati tenti yaima pabwalo, dzuwa likadalipo, ndipo mkati mulibe mkazi wa munthu. Mtanda wa khala ukadali pomwe unalembedwa. Anapempha kuti komiti ilamule Wapampando kuti akagonepo tsopano lino, tenti isanapindidwe.

Wapampando anati zimenezo ndi zachibwana, munthu wamkulu sagona masana, ndiponso msonkhano sunatsekedwe. Kapitawo anathandizira ganizo la Mayi Eneless, ndipo aka kanali koyamba lero kuti athandizire ganizo la munthu wina asanalitsutse. A Makwinja anakumbutsa kuti Wapampando savota pokhapokha mavoti atafanana. Manja onse anakwera, la Mlembi lomwe, ngakhale linali ndi cholembera.

Wapampando anati amvera komiti, koma agona pang'ono pokha kuti aone ngati pansi pali miyala yoti ingapweteke ana. Anavula chipewa ndi nsapato pakhomo la tenti, nalowa. Winston anawatsatira, ndipo ana ena awiri anatsatira Winston. Panthawi yomweyo chiperoni chinayamba kuwaza, ndipo komiti ili pakhonde inamva madontho akulira pa nsalu. Mayi Teleza anaimirira kuti akatulutse ana, koma atasuzumira anabwerera okha, nakhala pansi, nati palibe munthu apite kumeneko. Anapukuta m'maso ndi nsalu yawo, nati ndi utsi, ngakhale pakhondepo panalibe moto.

8. MSONKHANO WOTSATIRA

Lamulungu pa 5 Ogasiti, 2 koloko masana, malo omwewa. A Nahawa auzidwe za udzu dzino lawo likachira.

9. KUTSEKA

Popeza Wapampando sanabwerere, a Makwinja anatseka ndi pemphero lalifupi, lonong'ona. Msonkhano unatha nthawi itangopitirira 4 koloko. Tenti sinapindidwe.

Mlembi: Bizwick Mulepa

Wapampando: ..............................

Mlembi anapita ndi buku pakhomo la tenti kuti Wapampando asayine. Anawapeza ali chagada pa mtanda wawo, mwana wina pachifuwa, wina pamkono, Winston atagwira chala chawo, mvula ikulira pa nsalu, onse anayi ali m'tulo. Adzasayina akadzuka.